Njinga M'bwato

Sukulu ndinaisiyira Fomu 2, chaka chimene madzi anatenga nyumba yathu ku Makhanga. Palibe anandithamangitsa. Makalasi anasanduka mogona anthu othawa madzi, ndipo pamene ankatsegulanso ine n'kuti nditayamba kale kabaza ndi njinga ya amalume. Aboma anatipatsa malo kumtunda, pamiyala pamene ngakhale mapira amachita kunyinyirika. Amayi anapirira dzinja limodzi basi. Kenako anabwerera kudimba kwawo, kumene mtsinje unali utasintha njira n'kusiya minda yathu kutsidya. Anamanga kanyumba ka bango pafupi ndi mabanja ena amene anatopanso ndi miyala.

Amayi amadwala kuthamanga kwa magazi. Miyendo imatupa, mutu umawawa. Mankhwala ake sapatsa munthu wotumidwa, mwini wake ayenera kuyezedwa kaye. Ulendo wa kuchipatala unali kuyenda pansi mpaka padoko, bwato, kenako pakeliyala ya njinga yanga dzuwa lili pamutu. Akapita kamodzi ankagona masiku. Ndiye anangosiya kupita.

Anthu a mapu anabwera nthawi yotentha. Ankawatsogolera mtsikana wa ku Blantyre wotsiriza koleji, amene tonse tinkangomuti Sisi. Anasonkhanitsa akabaza pansi pa mtengo pasiteji yathu n'kutiuza kuti pa intaneti pali mapu amene aliyense angathe kuwonjezerapo, ndipo kuno kwathu pamapupo panali poyera ngati sipakhala anthu. Malipiro kunalibe. Anzanga atamva zimenezo anayamba kusuntha mmodzimmodzi. Ine ndinatsala chifukwa cha chinthu chimodzi chimene ananena, chakuti azaumoyo oyenda pa njinga zamoto adzagwiritsa ntchito mapuwo posankha midzi yokachitirako sikelo ndi kuyeza odwala.

Ntchito yake inali yopusa. Ankakupatsa foni, iwe n'kuimangirira pahandulo ndi malegeni, n'kudina pamene anakusonyeza. Ukamapalasa, foni inkalemba mzere wa mmene wadutsa. Lamulo linali limodzi, ndipo Sisi analibwereza mpaka kutitopetsa: osazimitsa foni mpaka njira ithe.

"Taonani injiniya wa Fomu 2," anzanga ankatero ndikamadutsa. "Bwana, tara mutiikira liti?"

Ndinayenda njira za kumsika, za kuchigayo, za kumijigo, ndi ina yopita cha ku Chiromo imene mchenga wake umakutsitsa pa njinga. Madzulo Sisi ankatsegula laputopu n'kundifunsa ngati njirayo ndi ya fumbi kapena ya mchenga, ngati ngolo ingadutse, ngati imadutsika mvula ikagwa. Ndinkayankha. Sindinkamva kalikonse poona mizere yanga ikutuluka pagalasi. Ndinkangodikira tsiku la njira ya kwa amayi.

Tsikulo ndinapalasa mpaka padoko, ndinakweza njinga m'bwato monga timachitira tonse, foni ili chiyakire. Wopalasa bwato anali bambo wachikulire amene anatidziwa tili ana.

"Kachinthu kakoko kakulemba ngakhale pamadzi?" anandifunsa.

"Kakulemba, madala."

"Kauze kalembenso ng'ona ili pabango apoyo. Nayonso ndi ya m'mudzi muno."

Kutsidya ndinakweranso njinga, kudutsa m'minda ya mbatata mpaka pakhomo pa amayi. Apo m'pamene ndinazimitsa. Ndinawapeza atakhala pamphasa, miyendo atayitambasula.

"Ndiye watilemba?" anatero.

"Ndakulembani, amayi. Azaumoyo azibwera konkuno."

"Tiona."

Patapita masiku Sisi anandiitana ndikudikira makasitomala. Mzere wanga unali utafufutidwa, kuyambira padoko mpaka pakhomo pa amayi. Anaufufuta munthu wina wa kudziko lakutali amene amakonza mapuwo poyang'ana zithunzi zojambulidwa kumwamba. Analemba m'Chingerezi kuti njinga siyenda pamadzi, ndipo kutsidyako pa chithunzi chake panali madzi okhaokha. Chithunzicho chinali cha nthawi ya chigumula.

"Achimwene, pamtsinjepa munawoloka bwanji?" Sisi anafunsa.

"Pa bwato. Mumati ndiwoloke bwanji?"

"Foni osaimitsa kaye?"

"Munati osazimitsa mpaka njira ithe. Njira sinathere padoko."

Anagwira pakamwa, kenako anaseka pang'ono, yekha. Anati lamulolo anachokera nalo kutauni, kumene palibe amene amakweza njinga m'bwato. Anamulembera munthu uja, anatumiza ndi zithunzi zimene ndinajambula za kanyumba ka amayi ndi minda. Munthuyo anapepesa, ndipo njira ya kutsidya inabwerera. Koma pamtsinje Sisi sanabwezeretsepo njira ya njinga. Anaikapo mzere wa madonthomadontho, kutanthauza powolokera bwato.

"Lembani kuti ndi njira," ndinatero. "Ndimadutsapo ndi njinga sabata iliyonse."

"Mumadutsapo njinga itagona m'bwato."

"Ndiye chavuta n'chiyani? Ikafika kutsidya imadzuka."

"Mlendo akadzaona njira adzabwera ndi liwiro n'kulowa m'madzi. Sindingalembe bodza, achimwene."

Sindinalimbane naye. Ankanena zoona, ndipo zoonazo zinalibe nane ntchito.

Anthu a mapu anapita mvula isanayambe. Anatenga mafoni awo, anatisiyira malaya olembedwa kumsana. Ndondomeko ya azaumoyo itatuluka, inali ndi midzi imene kale sankafikako, ina ya m'njira zimene ndinayenda ine. Ku mudzi wina wa kuseri kwa phiri anthu anayamba kuyezedwa pansi pa mtengo pakwawo pomwe. Kwa amayi kunalibe.

Ndinamupeza wazaumoyo wina akuthira mafuta m'njinga yake pamsika. Ndinamufunsa.

"Tinaona pamapu," anatero. "Kumeneko n'kwa bwato. Anatiuza tizipita kokhako kumene njinga yamoto ikufika yokha."

"Njinga yamoto imalowa m'bwato, bwana. Amalonda amawolotsa tsiku lililonse."

"Zawo zimenezo. Iyi ndi ya kuntchito. Ikamira undilemba ntchito ndiwe?"

"Ndiye musiye njinga padoko, muwoloke nokha."

"Aise, ndondomeko sindinalembe ine. Awuze mayi akowo abwere kumtunda ngati anzawo."

Analiza njinga n'kumapita. Ndinaima pomwepo kwa kanthawi mpaka mayi wina anandifunsa ngati ndikunyamula anthu kapena ndikungoyang'ana fumbi. Ndinamunyamula.

Kwa amayi sindinapite sabata imeneyo, ngakhale yotsatira. Amene anabwera ndi wopalasa bwato uja. Anasiya bwato lake ndi mdzukulu n'kudzandipeza pasiteji.

"Mayi ako agwa m'munda dzulo," anatero. "Adzuka, koma pakamwa papita mbali. Tiye."

Ndinawapeza m'kanyumba muja, mkazi wa pafupi akuwakupiza ndi mbale. Ankalankhula, koma mawu ankatuluka olemera. Dzanja lamanzere linkangolendewera.

"Anthu ako aja abwera liti?" anafunsa.

"Sabwera, amayi. Akuti n'kwa bwato."

Sanakwiye. Anati ndimange nkhuku miyendo, nditenge ndi poto wamkulu.

"Nanga mbatatayi?" mkazi uja anafunsa.

"Mukumbe mudye," amayi anatero. "Msaisiyire mvuu."

Tinawanyamula pamphasa anthu anayi mpaka padoko. M'bwato ndinawakhazika pakati pa miyendo yanga kuti asagwere m'mbali. Madzi anali atayamba kale kufiira, mvula inali itagwa kumapiri. Wopalasa bwato sananene nthabwala iliyonse. Titafika pakati pa mtsinje anafunsa ngati adzawawolotsenso madzi akaphwa.

"Nkhabe," amayi anakana m'Chisena.

Kutsidya ndinawamangirira kwa ine ndi chitenje pakeliyala, chifukwa dzanja limodzi silikanatha kugwira. Kuchipatala anawagoneka. Atatuluka anakakhala kwa amalume, pamiyala paja, ndipo ali komweko mpaka lero. Amakhala pakhonde. Mwezi uliwonse ndimawatengera koyezetsa, ndipo tikamabwerera ndimadutsa njira ya kuseri kwa msika, chifukwa ina ija imaonetsa mtsinje ndipo amayamba kundiuza kuti ndiime.