Lata limodzi ndinalilandira katatu

Malata ndinalandira katatu tsiku limodzi. Kunyumba ndinabwerera chimanjamanja. Lero ndauzidwa kuti ndine wakuba.

Amene timapemphera limodzi mukudziwa kuti sindine wolongolola. Ndadikira milungu itatu ndisanalembe izi, kuopa kuweruza anthu mtima uli m'mwamba. Mtima watsika, koma denga silinabwere.

Namondwe uja anasasula nyumba yanga kufupi ndi Thambani, nyumba imene tinamanga ndi malemu akazi anga, Anachisale, pogulitsa manachesi. Chipinda chogona chili pamtetete. Sutikesi ya zovala zawo ndinaikuta ndi matumba a feteleza, ndipo mtambo ukangoda ndimayamba kukoka bedi.

Anatiitana Lachiwiri pabwalo la sukulu ina kuti thandizo lochokera kunja lafika: malata khumi ndi awiri banja lililonse. Ndinafika 7 koloko m'mawa nditavala jekete la kutchalitchi, poti mphatso salandira ngati ukuchokera kudimba. Anansi anga a Zuze anabwera ndi njinga kuti tithandizane kunyamula. Lole inali pomwepo, yodzaza. 10 koloko, zii. 12 koloko, akuti tikudikira alendo.

Nthawi ili 1:20 anafika mkulu wa chipani cholamula ndi mayi wojambula zithunzi. Mayiyo anatiyang'ana tonse ngati akusankha mbuzi pamsika, n'kuloza ine.

"Madala, tabwerani. Nkhope yanu ndi yabwino, ikuonetsa kuti mwavutikadi. Koma jeketelo vulani, mukuoneka ngati muli ndi golosale."

Ndinavula. Anatsitsa lata limodzi, ine kugwira uku, bwana uko. Bwana anati maiko akunja atithandiza chifukwa amakhulupirira boma lawo, iwo ndiwo amadziwa kugogoda pa makomo oyenera. "Mwetulirani, madala, koma pang'ono." Ndinamwetulira pang'ono. Nthungululu. Anandisainitsa pepala, lata n'kulibweza mulole.

2:05 anatulukira mkulu wa chipani chotsutsa, nayenso ndi womujambula. Anati akunjawo anakana kudutsitsa katunduyu m'manja mwa boma poopa kuti asowa panjira, ndipo amene anawatsina khutu ndi iwo. Anafunsa ngati pali munthu wovutikitsitsa. Anthu analoza ine, poti ndinali nditavula kale jekete.

"Musamwetulire, bambo. Boma lakuzunzani."

Ndinachotsa kumwetulira kuja. Lata linali lomwelo, ndinalizindikira ndi kupindika kwa pakona. Kusaina. Kubweza mulole.

Kenako anaimirira bwana wa bungwe limene linabweretsa katunduyo, Mmalawi mnzathu, atavala chipewa cha mbendera ya eni thandizo. Anati zonse tamvazo ndi bodza, malatawa alibe chipani, agulidwa ndi anthu wamba a dziko lakutali, ndipo anthuwo amafuna umboni. Umboniwo ndinalinso ine. Nditafunsa kuti nkhope ndiiike bwanji, anati ndioneke wothokoza koma wosachira. Lata lomwelo, kusaina, kubweza mulole.

Ndikubwerera pamzere, a Zuze anandinong'oneza kuti, "Achimwene, latali mwagwirana nalo chanza katatu pamaso pa mboni. Kwathu ku Zobue umenewu ndi ukwati, likutsateni kunyumba."

Silinanditsate. Mkangano unabuka woti ayambe kugawa ndani. Awa nyimbo, awo nyimbo, mpando wapulasitiki unauluka. Bwana wa bungwe anakhoma lole, ndipo 3:40 inanyamuka ndi malata onse.

Sabata yatha anagawa mwakachetechete, opanda alendo. A Zuze analandira. Mudzi wonse unalandira. Dzina langa silinaitanidwe.

Ndiye lero ndinapita kuboma, ku ofesi imene sinditchula. Ndinakhala pabenchi kuyambira 8 koloko mpaka 11:15. Mayi wa pa kompyuta atapeza dzina langa anavula magalasi.

"Bambo, inu simuopa Mulungu? Katatu! Malata 36 munthu mmodzi, mukumanga tchalitchi?"

Ndinati, "Mayi, lata linali limodzi, ndipo ankalibweza mulole."

Ananditembenuzira kompyuta ija. "Uyu si inu? Siginecha iyi si yanu? Apa mpaka mukumwetulira."

"Anachita kundiuza."

"Nanga apa mwakwiyiranji, akuchepa?"

Anandilangiza kuti ndikatenge makalata kwa akuluakulu atatu aja, aliyense alembe kuti sanandipatse kanthu. Tandiuzani, abale anga: ndi wandale uti anabadwa amene angalembe ndi dzanja lake kuti sanapereke? Mayiyo anawonjeza kuti ndithokoze kuti sanaitane apolisi. Ndinathokoza. Chizolowezi chimavuta.

Ndikupita kokwerera galimoto ndinakumana ndi nkhope yanga. Pafupi ndi msika pali chikwangwani chachikulu, ine ndikumwetulira pang'ono, pansi palembedwa kuti boma lafolera Thambani. Kutsidya kwa msewu kuli cha otsutsa, ine nditakwinya nkhope, akuti pakadapanda iwo tikadagona panja. Chachitatu chili pa mpanda wa bungwe lija, m'Chingerezi. Ndinapita kukachikhudza chimodzi. Ndi lona wokhuthala bwino, wosalowa madzi.

Sindikudziwa amene anapempha thandizoli kunja, ndipo sindiweruza. Mwina nonse munapempha. Amene mudzaitanidwe kukalandira, jekete musavule, ndipo musasaine katundu asanakwere panjinga.

Kwa inu akuluakulu atatu, pempho langa ndi laling'ono. Ngati malata khumi ndi awiri avuta, ndipatseni zikwangwanizo. Ndaziyeza ndi mapazi: ziwiri zikwana chipinda chogona, chachitatu chifunditsa sutikesi ya Anachisale. Nkhopeyo ndi yanga kale. Pofolera ndidzaiyang'anitsa kumwamba, kuti Mwini mvula akamadutsa aziona yekha kuti nyumba ino inalandira.