Mayi Amene Ankachedwa Kufufuta Bolodi

Inu amene mukuti nthawi yanu inadutsa, imvani za mayi wina amene ana asukulu ankamutchula kuti Anatsache.

Analephera kawiri mayeso otsiriza a kusekondale. Mwamuna anamusiya ndi ana awiri, ndipo ntchito imene anapeza inali yosesa pasukulu yomweyo imene analepherera. Ana akaweruka, iye ankalowa ndi tsache ndi chiguduli chofufutira bolodi.

Tsiku lina mphunzitsi wa sayansi anabwerera kudzatenga magalasi amene anaiwala, n'kumupeza atangoima, bolodi asanalikhudze. Panali chithunzi cha dzuwa lili lakhanda, litazunguliridwa ndi fumbi. Mphunzitsiyo anamufotokozera kuti fumbilo linkagundana n'kumamatirana kukhala timiyala, timiyalato kukhala zimiyala, mpaka mapulaneti. Anati ngakhale mwezi, akatswiri amaganiza kuti unapangika ndi zidutswa zimene zinathetheka chinthu china chachikulu chitawomba dziko lathuli.

"Koma aphunzitsi, mbale zikagundana zimasweka. Izizi sizinkasweka bwanji?"

"Zambiri zinasweka, mayi. Zogundana pang'onopang'ono ndi zimene zinkagwirana. Kalasi yonse lero palibe wandifunsa zimenezo. Mawa mudzaphunzire nawo, mudzakhale kumbuyoko."

Anakana. Anati ana amuseka, azimufunsa ngati tsache nalo lilemba mayeso. Chaka chilichonse mphunzitsiyo ankamuitana, iye n'kumayankha kuti chaka chamawa. Ankangokopera za pabolodi m'kope lake asanafufute, n'kulibisa m'thumba la yunifolomu.

Zaka zisanu ndi zinayi zinatha choncho. Kenako mphunzitsi uja anapuma ntchito chifukwa cha matenda, ndipo panalibenso womuitana. Zimenezo ndi zimene zinamuopsa, mpaka anakagogoda yekha kwa ahedi kukapempha malo m'kalasi.

Ana anamusekadi, kwa sabata imodzi. Sabata yachiwiri anayamba kumubwereka kope lija. Mayiyo anakhoza mayeso, anapita kukoleji, ndipo lero akuphunzitsa sayansi. Koma zotsatira za mayeso ake zinatuluka mphunzitsi uja ataikidwa kale m'manda.

Nditamufunsa ngati amanyadira, anapukusa mutu. Anati nkhope za ana amene ankawaopa aja sazikumbukiranso n'komwe.

"Sabata imodzi, achemwali. Ndinathawa sabata imodzi kwa zaka zisanu ndi zinayi."

Musataye mtima, abale anga. Koma munthu akakutsegulirani chitseko, lowani iye akadali ndi maso okuonerani.