Waya wachiwili wa seva yathu ku Nyimba

Anzanga, mwina muganiza kuti ndikupeka, koma Mulungu ndi mboni yanga, izi zinandichitikila ineyo, masanasana dzuwa likuswa mtengo. Maina sinditchula, poti ena mwa anthuwa akali moyo ndipo timakumana pamsika.

Zaka zimenezo mabungwe anali atachuluka kwathu kuno chibwelele zipani zambili, ndipo ine ndinalembedwa nchito pa bungwe lina la zaumoyo ku Nyimba. Nchito yanga inali kulowetsa m'kompyuta maina a anthu oyezetsa magazi ndi amene anayamba kumwa mankhwala otalikitsa moyo. Zonsezo zinkasungidwa m'kompyuta yaikulu yotchedwa seva, m'kachipinda kokhoma, ndipo kiyi ndinkasunga ndine. Makompyuta athu ankachedwa kwambili, komanso makoswe akangoluma waya nchito yonse inkaima, choncho abwana anaitanitsa katswili ku Lusaka. Tsiku limene anabwela ine ndinali kumalilo ku Petauke, ndipo nditabwelako anangondiuza kuti zakonzedwa. Zinkathamangadi, nanga ndikanafunsanso chiyani?

Patapita miyezi ingapo kunabwela amai ena a ku Luembe akulila, akuti achibale a amuna awo awathamangitsa, ndipo achibalewo akudziwa ngakhale tsiku limene anayezetsa. Sabata yotsatila anali aphunzitsi a ku Ndake, nkhani yake yomweyo. Maso onse anatembenukila kwa ine. Makolo anga anabwela kuno pothawa nkhondo ku Mozambique, ndipo ngakhale ndinakulila konkuno, ndinayamba kumva manong'onong'o akuti alendo samvela chisoni eni dziko. Alongo awo a amai aja anandidikila pageti, mmodzi atanyamula mpini wa nkhwangwa, akungondiyang'ana. Nanenso ndinayamba kukayikila aliyense, anamwino, dalaivala, ngakhale abwana amene.

Lachisanu masana anzanga atapita kumidzi, ndinati bola ndiidule sevayo kuti pasapezeke woiwelenga. Ndinazula waya wabuluu umene ndinkaudziwa, n'kubwelela pa tebulo langa. Anthu inu, maina ankatsegukabe ngati palibe chachitika! Chinthu chodulidwa chingayankhe bwanji? Ndinayamba kuganiza za ufiti, ine munthu wopemphela. Nditasuzumila kuseli kwa sevayo ndinaona waya wina wolowa m'denga, kanyali kake kakuphethila mofulumila ngati wina akugwila nchito, pamene ine sindinkakhudza kalikonse.

Ndinaimbila katswili uja. Iye anaseka n'kundifotokozela kuti anaika makhadi awili a netiweki, tizipangizo tolumikizila seva ndi makompyuta athu, n'kuwaphatikiza kuti azigwila ngati amodzi, monga ng'ombe ziwili pagoli limodzi, zimakoka kwambili ndipo ina ikagwa inzake imapitiliza. Anati waya wachiwili anaupititsa ku swichi ina, kabokosi kogawila mawaya, kuti imodzi ikapsa ina itsale, ndipo kabokosiko kali kosungila katundu, chifukwa abambo oyang'anila kumeneko anadzipeleka okha kuti malo awo ndi ouma ndi otetezeka.

Abambo amenewa anali munthu wachikulile, mkulu wampingo, amene ankatitsogolela pemphelo m'mawa uliwonse. Nditapita kosungila katunduko, ndinapeza chitseko chawo chili chotseguka pang'ono. Kuseli kwa makatoni a maneti a udzudzu, anali atakhala pampando, laputopu pamiyendo, waya wake atalumikiza m'kabokosi kaja, ndipo maina amene ndinalowetsa ndi zala zanga anali mbee pagalasi.

Sanadzidzimuke n'komwe. Anaimilila pang'onopang'ono, kudutsa pambali panga, kukhoma chitseko, kiyi n'kuika m'thumba. Kenako anatola chitsulo chotsegulila mabokosi n'kumachisisita m'manja. Anandiuza mwachifatse, ndi mawu omwe aja a pemphelo, kuti iwo ndi ankhoswe a maukwati ambili ndipo sangaonelele ana a anthu akulowa m'dzenje. Anandifunsa kuti pakati pa iwo ndi mwana wa othawa nkhondo, anthu akhulupilila ndani. Pomaliza anati, "Mwana wanga, dzina la mng'ono wako ndaliona pakati pa mainawa. Ukatsegula pakamwa, pofika Sondo mpingo wonse udziwa."

Sindidziwa chimene chikanachitika galimoto ikanapanda kulila panja. Dalaivala anagogoda kuti atsitse katundu, abambo aja anatsegula akumwetulila n'kunena kuti timawelenga maneti. Ndinatuluka osapeleka ngakhale moni.

Loweluka ndinapita kwa mng'ono wanga n'kumuuza zonse, ndikulila. Iye anati ndikanene, kuli bwino anthu amuseke iyeyo kusiyana n'kuti amai ena agone kuthengo. Lolemba ndinatengela abwana kosungila katundu n'kuwaonetsa kabokosiko. Laputopu inali itasowa, koma katswili uja atabwela anapeza m'seva umboni wakuti wina ankalowela kumeneko ndi mawu achinsinsi a abwana, amene anali olembedwa pakapepala m'dilowa yawo yosakhoma. Abambo aja anachotsedwa nchito mwakachetechete, koma lonjezo lawo analisunga. Mng'ono wanga anasiya kwaya, ndipo chibwenzi chake chinatha. Amai a ku Luembe aja sanabwelenso kudzatenga mankhwala, ndinawafunafuna osawapeza.

Lelo ndimadziwa kuti kuphatikiza makhadi kuja kunalibe choipa, ndipo kunatithandizadi. Koma kaya katswiliyo anangopusitsidwa kapena ankadziwa, ine ndimakayikabe, chifukwa kuseka kwake palamya paja sikunandikhalile bwino. Inu amene mumasunga zinsinsi za anthu m'makina, musakhutile ndi kiyi ya m'thumba mwanu. Gwadani kuseli, muwelenge mawaya onse, muutsate uliwonse ndi mapazi anu mpaka pamene wathela, ndipo mufunse amene anapempha kuti uthele pamenepo. Ine ndinachita ulesi kufunsa, ndipo amene anavutika ndi anthu osalakwa.