Batire la Sulufule la a Mbewe

Mpaka lero sindimvetsa chimene chinawakokera ku sulufule bambo Ackson Mbewe, munthu wosamala chotere.

Ankagwira ntchito m'chipinda cha nyale pa mgodi wina ku Kitwe, dziko litangolandira ufulu, kopa akuyenda malonda. Ankatchaja mabatire a nyale amene anthu otsika pansi ankamangirira m'chiuno. Nyale iliyonse inali ndi malo ake pa shelefu, ndipo malowo akakhala opanda kanthu shifiti itatha, ndiye kuti mwini nyale akadali pansi.

Mabatirewo anali olemera. Mlamu wawo Shadreck sankatopa kudandaula.

"Alamu, mwandipatsa nyale kapena njerwa? Msana watha uwu!"

Tsiku lina a Mbewe anamva kwa mzungu wa zamagetsi kuti kunja akuyesa batire lopepuka, la sulufule ndi chitsulo chotchedwa lithiyamu, choyandama pamadzi. Chitsulo n'kuyandama? Mutu unawazungulira. Koma sulufule ankamudziwa, poti utsi wake wa ku simelita, kosungunulira kopa, unkawatsokomoletsa tsiku ndi tsiku. Lithiyamuyo atamufunsa pa msika wa Masala ku Ndola, anawalozera kwa ogulitsa zitsamba. Anangobwerera n'kudula poto wakale wa aluminiyamu m'malo mwa lithiyamuyo, napanga batire lawolawo n'kulilumikiza ku kababu.

Kababu kankayaka tsiku loyamba, mawa lake n'kumaphethira, kenako zii. Akatchaja, kankafa msanga kuposa kale. Mphamvuyo inkathawira kuti? Sankadziwa.

"Bambo a Lorna, nyumba ino ndi ya kampani," akazi awo, mayi Mainess, ankawakumbutsa. "Ntchito ikatha tidzagona m'batiremo?"

Loweruka lina Shadreck atabweza nyale, a Mbewe anapita nayo kunyumba kuti akaipepukitse. Za shelefu sanaziganize n'komwe. Wolowa shifiti yotsatira ataona malo opanda nyale anaimba belu. Gulu lopulumutsa anthu linatsika pansi, amayi anathamangira ku geti, mkazi wa Shadreck akudzigwetsa m'fumbi. Shadreck mwini wakeyo anamupeza ku komboni ya Mindolo, ali phee pa mowa.

Lolemba kapitawo anawaitana.

"Mukwai, a Mbewe, nyale ya kampani imakatani kunyumba kwanu?"

"Kuti ipepuke, bwana."

"Ndiye yapepuka?"

A Mbewe anaganiza kaye. "Pang'ono ndithu. Kungoti siyaka."

Ntchito inathera pomwepo, nyumba nayo. Anaperekeza akazi awo ndi ana kwa achibale ku komboni ya Ipusukilo, anatula katundu, nati akupita kukafunsa bwino za chitsulo choyandama chija. Ananyamula jekete ndi kachitini ka ufa wachikasu wa sulufule, osabwereranso. Ena amati anawaona pa siteshoni ya Ndola akudikira sitima ya ku Congo, ena amati ya kumwera. Wogulitsa matikiti sanawakumbukire.