Mmene Bedi Langa Linasamukira

Bungwe lina linabwera kwathu ku Mavwere ndi timabokosi ta intaneti totchipa, ati ta mabanja osauka. Dzina langa linalembedwa popanda wotsutsa, zomwe zinandiwawa pang'ono, poti ine ndimadziyesa wophunzira. Nyuzipepala iliyonse yokulungira usipa ku Boma ndimaiwerenga mpaka pomwe yang'ambikira.

Kabokosiko kanali ndi makhalidwe ake. Pabalaza kankagona tulo. Pakhonde foni inkandilandira ku Zambia mwaulemu, ine ndisanadzuke pampando. Kankagwira pazenera la kuchipinda kwathu pokha, mphamvu yake n'kuthera pakhomo la chipindacho. Kuseri kwa zeneralo kuli khola la nkhumba.

Ine ndine mkamwini, ndipo apongozi anga aakazi amakhala nyumba yoyandikana nafe. Mwana wawo wamwamuna anapita ku Joni kalekale. Mawu ake ankawamva pafoni, koma nkhope anali asanaione chichokereni. Atamva kuti tsopano munthu amaoneka, anafika m'mawa atavala chitenje cha kutchalitchi, n'kukhala pabwalo chondifulatira, monga mwa mwambo.

"Uwauze bambo a pakhomo pano atulutse makinawo," anauza mkazi wanga, ine ndili pomwepo.

"Panja sagwira, amayi. Mungolowa kuchipinda."

"Kuchipinda kwa mkamwini? Iwe ndinakulera ine, kapena ndinachita kukutola pamsika?"

Ndinayesa kuthandiza. Poti sindingalankhule nawo maso ndi maso, ndinafotokozera mtengo wa mango, mokweza, kuti intaneti sidziwa za ukamwini. Mtengowo sunayankhe, apongozinso chimodzimodzi. Anakayesa kuima kukhola, koma nkhumba inayamba kulawa chitenje chija chithunzi chisanatuluke. Anabwerera pabwalo n'kunena kuti basi, mwanayo adzamuonera kumwamba.

Mkazi wanga anayang'ana nyumba, kenako ine.

"Chimene chikuvuta apa ndi bedi. Nyamulani."

"Ndinyamule ndipite nalo kuti?"

"Si paja mumawerenga? Ganizani."

Tinatulutsa bedi, zovala ndi mabuku anga. Iye anasesa, anayala mphasa, anaikapo mpando umodzi. Apongozi anaima pakhomo.

"Muno ndi muti?"

"Ndi pabalaza, amayi," anayankha mkazi wanga.

Apongozi anavula nsapato n'kulowa. Ine ndinatsala panja nditakumbatira matiresi. Kenako ndinawamva akulankhula ndi mwana wawo wa ku Joni uja: "Ndiwe yemwe? Wanenepa bwanji. Ndevuzo ukamete lero lomwe."

Bedi lija silinabwererenso. Lili m'kachipinda kosungira mtedza, ndipo makoswe tinazolowerana nawo.