Kanema Yemwe Anandiphera Mwamuna

Mpaka lero ndikamva limba likulira pang'onopang'ono pa TV, mtima umandiwira. Ndimakumbukira bambo wandevu wa situdiyo ku Old Town, amene anandiphera mwamuna munthu ali moyo, akudya bwinobwino.

Amuna anga ndi a ku Rumphi, ine kwathu ndi ku Mitundu. Anagwira ntchito ku Capital Hill kuyambira tsitsi lili bii mpaka litachita mbuu. Atatsala pang'ono kupuma pantchito anadwala sitiroko, mwendo wakumanzere n'kuyamba kukoka. Anandilumbiritsa kuti ndisauze abale awo, makamaka achemwali awo aakulu a ku Rumphi. Mayi amenewo chikwatiwire ine sananditchulepo kuti mlamu. Kwa iwo ndinali "Mchewa wanu uja". Amati ndinamudyetsa khuzumule mchimwene wawo kuti aiwale kwawo, amati akuonda chifukwa ndimamuphikira mbewa. Ana anabadwa, anakula, ena anakwatira, ine ndikadali Mchewa uja. Nambala yanga ya foni sanaifunsepo.

Ndiye a ku ofesi atakonza phwando lotsanzikana ndi amuna anga, ndinati laponda lamphawi. Ndinapeza wojambula kanema kuti achemwali aja aone ndi maso awo kuti mchimwene wawo ndamusamala. Suti yabuluu ndinaisita ndekha. Phwandolo linali lachisangalalo zedi. Amuna anga anaseketsa anthu mpaka mlembi wawo, mayi wonenepa woseka mokweza, anachita kupukuta misozi ndi mpango. Potuluka panali masitepe, ndipo ndinawagwira pansi pa chigongono mobisa, ndikumwetulira anthu ngati palibe kanthu.

Tsiku lokaona kanemayo ndinakwera minibasi mpaka ku Old Town. Situdiyo yake inali kachipinda pamwamba pa shopu yansalu, kotentha ngati uvuni. Wandevuyo anandikhazika pampando, n'kuyatsa kompyuta monyadira.

Mayo ine! Suti yabuluu ija inali yotuwa. Mitundu yonse anaichotsa, kwangotsala zakuda ndi zoyera. Amuna anga ankayenda pang'onopang'ono ngati akuwoloka mtsinje wodzadza. Mawu onse, nthabwala zonse, anazimitsa, n'kuikapo limba la kutchalitchi. Kenako anaonetsa mpando wa mu ofesi wopanda munthu, pompo n'kubweretsa nkhope ya mlembi uja akupukuta misozi. Munthu ankaseka uja! Koma atabwera pambuyo pa mpando wopanda munthu, limba likulira, ngakhale ine amene ndinalipo ndinamumvera chisoni. Pomaliza kamera inakwera m'mitengo mpaka m'mitambo, n'kutuluka mawu oyera akuti: Mwaigwira ntchito. Pumulani.

"Abambo inu, mitundu mwaisiya kuti?" ndinafunsa.

"Mitundu ndi ya ukwati, mayi. Ulemu umafuna zakuda ndi zoyera."

"Nanga mpandowo ukutani mmenemo?"

"Filimu yake ndi imeneyo. Munthu suchita kumuuza kuti lira. Umangomuonetsa mpando, amalira yekha."

"Ndani wakuuzani kuti ndikufuna anthu alire? Ndi maliro awa?"

Anangogwira ndevu zake, n'kundiyang'ana ngati ine ndiye wosazindikira. Koma chinandikwiyitsa koposa chinali pamasitepe paja. Kamera inachita kuyandikira mpaka dzanja langa linadzadza galasi lonse, zala zitakanirira pachigongono, phazi la amuna anga likukoka pansi. Chinsinsi chomwe tinabisa miyezi yonseyo chinali pambalambanda.

"Apa dulani," ndinatero. "Dulani pompano."

"Mayi, ndidula paliponse koma apa ayi. Filimu yonse yagona apa."

Ndinamulalatira mpaka wa shopu yansalu anasuzumira pamakwerero. Pamapeto pake anavomera kuti akonzanso, abweza mitundu, limba achotsa. Chomwe sanandiuze n'chakuti anali atawatumizira kale amuna anga kanemayo pa foni, ati alaweko.

Ndinawapeza amuna anga ali pakhonde, foni kumaso, mano onse pamtunda. "Amayi, taonani, ndikuoneka ngati nduna!" Ndinawauza kuti asatumizire munthu. Anati aa, atumizira achemwali okha basi. Achemwali okha! M'mawa mwake anakabweza makiyi a ofesi pamodzi ndi foni ija, poti inali yaboma, nambala yokhayo yomwe achemwaliwo ankaidziwa.

Loweruka masana ndikuyanika zovala kuseri, ndinamva mfuu pageti. Kwathu ku Area 15 aliyense amakhala mumpanda mwake, woyandikana naye umangomudziwa galimoto, koma tsiku limenelo mageti onse anatseguka. Nditatsegula lathu, ndinangoti maso ndi achemwali aja, duku lakuda kumutu, amayi awiri a kumpingo kwawo atawagwira uku ndi uku.

"Mdumbu wane! Mdumbu wane!" ankalira m'chinenero chawo, kuitana mchimwene wawo. Atandiona anasintha. "Iwe Mchewa iwe, wamuika kuti? Wamupha, wamukwirira wekha, ife n'kungotitumizira kanema? Foni yake wazimitsa!"

Mwamwayi malemuwo anatulukira okha pakhomo, atavala kabudula, chimanga chowotcha kumanja. Mayi mmodzi wa kumpingo anataya chikwama n'kuliyatsa liwiro mpaka kumsewu. Achemwali anaima chilili. Anapita, anawatsina patsaya, n'kuwamenya kambama paphewa. Kenako, monga mwa nthawi zonse, mlandu unagwera ine. Ati ndinachita dala kuti ndiwachititse manyazi, ati anthu kumudzi asonkhana kale, mfumu yauzidwa, nkhuni zatemedwa.

Apo ndiye ndinaphulika. "Kanemayo ndinapanga ine? Ndili ndi ndevu ine? Lowani muone bwinobwino, muloze pamene alemba kuti munthu wafa!"

Tinalowa m'nyumba, mwana wathu wamkazi analumikiza foni ya azakhali akewo ku TV. Limba linayamba. Mpando wopanda munthu unabwera, mlembi anapukuta misozi. Ndikacheuka, achemwali ayambiranso kusisima! Amayi a kumpingo aja, ndi wothawa uja yemwe, nawonso mphuno fwee fwee. Mwini maliro ali pakati pawo, akukukuta chimanga.

"Koma inu, munthu ali pambali panupo!" ndinatero.

"Khala chete iwe, ndikuona," anandiyankha, misozi ili chuchuchu.

Ndinangoti zanga zatha, wandevu uja ndi mfiti. Ndinayamba kuwerengera mumtima mawu oti ndikamuuze Lolemba. Ndipo ndinali nditaiwala za masitepe. Pamene ndinakumbukira, dzanja langa linali litadzadza kale TV yonse.

Achemwali anasiya kulira. "Bwezani pamenepo," anatero.

Mwana anabweza. Tinaonanso zala zanga zikukanirira, phazi likukoka, sitepe imodzi kutenga nthawi ngati ulaliki, kenako nkhope yanga ikumwetulira anthu thukuta lili kamukamu. Anachotsa maso pa TV n'kuyang'ana mwendo wa mchimwene wawo. Amuna anga anayesa kuubisa kuseri kwa tebulo, koma unakana kusuntha msanga.

"Zinayamba liti?" anafunsa achemwali.

"Dzinja lathali," anayankha atazolika.

"Ankakusambitsa ndani? Kuchipatala ankakunyamula ndani?"

Amuna anga anangondiloza ndi chitsononkho.

Limba linkalirabe. Ndinakonzeka kumva kuti ndine ndinawalodza mwendowo, yankho ndinali nalo kale pamlomo. Achemwali anamasula duku lakuda lija, analipinda, n'kupisa m'chikwama kutulutsa kafoni kawo kena kamabatani. Anandipatsa ndi manja awiri.

"Alamu," anatero, "ndilembereni nambala yanu umu. Uyu ndi wabodza."

Zala zomwe zinanyamula mwamuna pamasitepe zija zinalephera kudina mabatani. Ndinalakwitsa, ndinafufuta, ndinalakwitsanso, iwo ali phee kundidikira. Lolemba ku Old Town sindinapite.