Jasi ya Dikiranikaye

Dikiranikaye ndi mwana wamkazi wa a telala a pakhonde la sitolo ndi malemu mayi ake ogulitsa makala. Nayenso ali ndi mapasa, osamva ngati bambo awo. Dzinalo anampatsa ndi agogo ake, chifukwa ali kamwana ukamufunsa kanthu ankangoti, "Dikirani kaye." Lero ndi dokotala, osati wa jakisoni ayi, koma wa maikulosikopu, woyang'ana tizidutswa ta m'thupi n'kutchula matenda. Banja limeneli si lamasewera!

Chaka chatha a telala anawapeza ndi kathumba ka madzi pa kapamba. Dokotala wa opaleshoni anati tithumba tina timangokhala phee, tina timasanduka khansa, ndipo kudula kapamba si kuwenga chikhadabo. Anakoka madziwo ndi singano yodzera m'chifu, mnzake wa Dikiranikaye n'kuwayeza, poti za bambo ako suyeza wekha. Yankho linabwera: sizikudziwika.

"Bambo, maselo atuluka ochepa," Dikiranikaye anawafotokozera pakhondepo. "Ntchofu zomwe zaoneka mwina n'za kathumbako, mwina singano yangozitola m'chifu podutsa. Akubayeninso."

"Abayenso ndani? Zaka zonsezi ndikupalasa makina kuti udzandiuze kuti sudziwa?" Jasi yoyera yomwe ankamusokera anaiponya pansi pa tebulo.

Mtsikanayo misozi inalengeza. Akanangoti palibe vuto, bambo ake akanamwetulira pompo. Koma bwanji ngati kathumbako kakusintha mwakachetechete? "Dikirani kaye, bambo."

Agogo atamva, anafika ndodo ili m'mwamba. "Iwe telala, ndinakubala ndine! Mdzukulu wanga sanama. Vala nsapato, tibwerere kuchipatala!"

Ulendo wachiwiri maselo anatuluka okwanira. Anali atayamba kupotoka, koma khansa inali isanamere. Dikiranikaye atamva kwa mnzake uja, anathamanga m'kanjira ka chipatala ngati mwana wasukulu, nsapato imodzi n'kuvuka.

"Takapezerera, agogo! Takapezerera!"

Nthungululu ya agogo inadzutsa wodi yonse, mpaka anamwino anachita kuwatulutsa panja. Ankavinabe.

Kathumbako anakachotsa. Lero a telala abwerera pamakina, ndipo aliyense wobweretsa thalauza amayamba waonetsedwa chipsera n'kuuzidwa za mwana wawo dokotala. Koma kwa mwanayo "pepa" sanatulukebe, ndipo jasi ija ili pamsomali, mkono umodzi palibe.

"Bambo, jasi yanga bwanji?"

A telala amangoweramira pasingano. "Dikirani kaye, adokotala."